Kodi kolesterolo wabwino amatetezadi mtima?

Pa 2 Disembala 2006, kampani yopanga mankhwala ya Pfizer ku America inaimitsa mwadzidzidzi kafukufuku wa mankhwala otchedwa torcetrapib. Masiku awiri okha m'mbuyomo, akuluakulu a kampaniyo anali atauza eni masheya kuti mankhwalawa adzakhala m'gulu la mankhwala ofunika kwambiri a m'badwo uno, ndipo ndalama zimene anali atalowetsapo zinali pafupifupi madola 800 miliyoni. Chodabwitsa n'chakuti mankhwalawo sanalephere ntchito imene anawapangira. Anawapanga kuti akweze HDL, yomwe anthu ambiri amaidziwa kuti kolesterolo wabwino, ndipo anaikwezadi ndi 72 peresenti. Koma mwa odwala oposa 15,000 amene anali m'kafukufukuyo, m'gulu lomwe linkamwa torcetrapib munamwalira anthu 93, pamene m'gulu limene silinkamwa munamwalira 59. Zotsatira za ku labotale zinkasangalatsa, koma maliro anachuluka.

Papita zaka zambiri chichitikireni zimenezi, komabe chikhulupiriro chimene chinabala mankhwalawo chidakali ndi mphamvu. Munthu akakayezetsa mafuta a m'magazi, pepala limabwera ndi manambala anayi: kolesterolo yense, LDL, HDL, ndi mafuta ena otchedwa triglycerides. Ambiri akaona kuti LDL yakwera koma HDL nayo ili pamwamba, amakhazika mtima pansi poganiza kuti chabwinocho chafafaniza choipacho, ndipo nthawi zina amene amawalimbitsa mtima motero ndi wachipatala yemweyo. Umboni umene ulipo lero sukuvomereza zimenezo. HDL yotsika ndi chenjezo loona, loyenera kulimvera. HDL yokwera siichotsa ngozi imene LDL, fodya, BP ndi shuga zimabweretsa, ndipo kuikweza dala ndi mankhwala sikunapulumutsepo anthu m'kafukufuku wamkulu aliyense amene anayesa.

Kolesterolo weniweniyo ndi mmodzi. Thupi limamufuna pomanga makoma a maselo, popanga mahomoni ena, ndulu ndi vitamini D, ndipo wambiri limadzipangira lokha, wochepa ndiye amachokera m'zakudya. Popeza mafuta sasungunuka m'madzi, kolesterolo amayenda m'magazi atakutidwa m'timibulu ta mapuloteni, ndipo LDL ndi HDL ndi mayina a timibuluto. Ta LDL tikachuluka timalowerera m'khoma la mtsempha n'kukanirira mmenemo. Maselo oteteza thupi amabwera kudzadya mafutawo, amakhuta, amafa, ndipo pakapita zaka makumi angapo pamakhala chotupa cha mafuta chimene chimapanikiza njira ya magazi. Mitsempha yodyetsa mnofu wa mtima ndi yopapatiza kale, mamilimita atatu kapena anayi m'mimba mwake. Ikayamba kuphinjika, munthu amamva chifuwa kuthina akamakwera chitunda. Chotupacho chikang'ambika, magazi amaundana pomwepo, njira imatsekeka, ndipo chigawo cha mtima chimafa pasanathe maola ambiri. Bungwe la WHO limati matendawa ndiwo amapha anthu ochuluka kuposa ena onse padziko lapansi, pafupifupi 9 miliyoni pachaka. Timibulu ta HDL, tomwe puloteni yake yaikulu ndi apoA-I, timatola kolesterolo wotsala m'maselo n'kupita naye kuchiwindi, komwe amatayidwa kudzera mu ndulu. John Glomset wa ku Seattle ndiye anafotokoza ulendo wobwererawu mu 1968.

Amene anakhulupirira kuti HDL imateteza mtima sanali anthu otengeka. Mu 1951, David Barr ndi anzake ku New York anaona kuti odwala mtima anali ndi HDL yochepa. Mu 1975, George Miller ndi Norman Miller analemba m'magazini ya zachipatala ya The Lancet kuti kuchepa kwa HDL kungafulumizitse matenda a mitsempha. Kenaka mu 1977 kunabwera zotsatira za ku Framingham, tauni ya ku Massachusetts komwe madokotala anakhala akutsatira umoyo wa anthu oposa 5,000 kuyambira mu 1948: amene anali ndi HDL yotsika ndiwo ankadwala mtima kwambiri. Pofika 1989, ofufuza ataphatikiza makafukufuku akuluakulu anayi a ku America, anawerengera kuti HDL ikakwera ndi 1 mg/dL, ngozi imatsika ndi 2 peresenti mwa amuna ndi 3 peresenti mwa akazi. Zina zonse zinkagwirizana nazo. Akazi amakhala ndi HDL yokwera kuposa amuna ndipo matenda a mtima amawapeza mochedwa. Othamanga ali nayo yokwera, osuta fodya yotsika. Njira imene HDL ingatetezere inali itafotokozedwa kale. Ndani akanakayikira?

Vuto linali pa anzake amene HDL yotsika imayenda nawo. Kawirikawiri munthu wa HDL yotsika ndi yemwenso ali ndi mimba yotsogola, triglycerides wokwera, shuga amene wayamba kuvuta, moyo wongokhala, mwinanso ndudu kukamwa. Chilichonse mwa izi chimawononga mitsempha pachokha, ndipo chilichonse chimatsitsa HDL. Mukangowerenga amene akudwala ndi amene sakudwala, simungasiyanitse chimene chikupha ndi chimene chikungopezeka pamalo a ngozi. Kuti zisiyanitsike pamafunika kusintha HDL yokha, zina zonse n'kuzisiya mmene zilili. Pali njira ziwiri zochitira zimenezi: kupereka mankhwala okweza HDL kwa gulu limodzi mochita maere, kapena kufunafuna anthu amene anabadwa ndi HDL yokwera kapena yotsika chifukwa cha chibadwa chawo. Njira zonse ziwirizi zayesedwa, ndipo pa anthu ochuluka zedi.

Torcetrapib atalephera, ambiri anati cholakwa chinali cha mankhwalawo osati cha ganizo lokweza HDL, ndipo anali ndi mfundo: zinapezeka kuti ankakweza BP komanso homoni ya aldosterone. Ndiye makampani ena anapanga mankhwala a mtundu womwewo opanda chilema chimenecho. Onsewa amatseka puloteni yotchedwa CETP, imene imasamutsa kolesterolo kumuchotsa mu HDL, ndipo ganizoli linachokera ku mabanja ena a ku Japan amene amabadwa opanda CETP n'kukhala ndi HDL yokwera kwambiri. Dalcetrapib wa kampani ya Roche anakweza HDL ndi 30 peresenti ndi kupitirira mwa odwala pafupifupi 16,000, koma kafukufuku anaimitsidwa mu 2012 chifukwa sanaphule kanthu. Evacetrapib wa Eli Lilly anaikweza kuposa kuwirikiza kawiri mwa anthu 12,000, ndipo naye anasiyidwa mu 2015 pa chifukwa chomwecho. Anacetrapib wa Merck yekha ndiye anaonetsako phindu mu 2017, pamene anachepetsa matenda aakulu a mtima ndi 9 peresenti mwa anthu oposa 30,000. Koma mankhwalawa ankatsitsanso kolesterolo wa m'timibulu toipa tija, ndipo ofufuza a ku Oxford amene anayendetsa kafukufukuyo anaona kuti phindulo linali lofanana ndi limene kutsika kumeneko kukanabweretsa pakokha. Kuwirikiza kwa HDL sikunawonjezerepo chooneka. Merck sanapemphe n'komwe chilolezo chogulitsa mankhwalawo.

Niacin, vitamini B3 wa mlingo waukulu amene madokotala anakhala akupereka kwa zaka zambiri kuti akweze HDL, anagwa chimodzimodzi. Kafukufuku wa AIM-HIGH anaimitsidwa mu 2011, ndipo wa HPS2-THRIVE, wa anthu 25,673 ku China, Britain ndi mayiko a Scandinavia, anapeza kuti mtima sunatetezeke koma shuga anasokonekera, ndipo matenda ogwira thupi ndi kutaya magazi zinachuluka. Mahomoni opatsa amayi osiya kusamba nawonso amakweza HDL, koma kafukufuku wa Women's Health Initiative mu 2002 anaonetsa kuti matenda a mtima sanachepe mwa owamwa.

Umboni wa chibadwa ndiwo wokoma kuumva, chifukwa unayamba kalekale kunong'ona zimene anthu sankafuna kumva. M'mudzi wa Limone sul Garda, m'mbali mwa nyanja ya Garda kumpoto kwa Italy, Cesare Sirtori ndi Guido Franceschini a ku Milan anapeza anthu pafupifupi 40 a mtundu umodzi amene HDL yawo inali yotsika mochititsa mantha, koma mitsempha yawo ili bwinobwino. Anayamba kulemba za iwo mu 1980. Panthawiyo nkhaniyi inatengedwa ngati chozizwitsa cha mudzi umodzi. Mu 2012, gulu lotsogozedwa ndi Sekar Kathiresan wa ku Boston linafunsa funsoli pa anthu zikwi zambirimbiri. Pali kusintha kwina m'jini yotchedwa LIPG kumene kumakweza HDL popanda kukhudza LDL, BP kapena kunenepa. Potengera masamu a kafukufuku wotsatira anthu ngati wa ku Framingham, obadwa nako anayenera kukhala ndi ngozi yotsika ndi 13 peresenti. Sanapezeke otetezeka ngakhale pang'ono. Ofufuzawo atachita mayeso omwewo ndi majini okweza LDL, ngozi inakwera monga mmene aliyense ankayembekezera, kusonyeza kuti njira yoyeserayo inalibe vuto.

Mu 2016, gulu la Daniel Rader ku Philadelphia linapeza china chimene chimafotokoza bwino chifukwa chake nambala ingapusitse. Pachiwindi pali khomo limene HDL imatsitsirapo katundu wake, ndipo jini yake ndi SCARB1. Anthu amene khomoli linawonongeka chibadwire amakhala ndi HDL yokwera kwambiri, chifukwa kolesterolo amangounjikana m'timibulu tosowa kotula. Amene anaonapo malole odzaza mabelo a fodya atandanda pachipata cha okushoni ku Kanengo amadziwa kuti kutalika kwa mzere sikutanthauza kuti malonda akuyenda. Nthawi zambiri kumatanthauza kuti m'katimo zaima. Nambala ya HDL imayeza katundu amene ali m'malole, siyeza amene watsitsidwa. Rader ndi anzake anapeza kuti anthu a kusinthaku anali ndi ngozi ya matenda a mtima yokwera ndi pafupifupi 80 peresenti. Kafukufuku wina wa ku Iceland, poona kusintha kwina m'jini yomweyo, sanapeze ngozi yowonjezerekayo, koma chitetezo sanachipezenso. Ku Copenhagen, ofufuza atatsatira anthu oposa 116,000, analengeza mu 2017 kuti imfa zimachuluka mbali zonse ziwiri, kwa a HDL yotsika ndi kwa a HDL yokwera mopyola. Amuna amene HDL yawo inafika 3.0 mmol/L ankamwalira mowirikiza kawiri poyerekeza ndi apakatikati.

Otsutsa amphamvu kwambiri amavomereza zonsezi koma amati takhala tikuyeza chinthu cholakwika. Chofunika, iwo amati, si kuchuluka kwa kolesterolo mu HDL koma mphamvu imene timibuluto tili nayo yokokera mafuta kunja kwa maselo. Mfundoyi si yachabe. Mu 2011 gulu la Rader lomwelo, ndipo mu 2014 ofufuza a Dallas Heart Study, anaonetsa kuti anthu amene HDL yawo imakoka bwino kolesterolo mu labotale amadwala mtima mochepa, kaya nambala yawo ndi yokwera kapena ayi. Pa mbewa za mu labotale, kuwonjezera apoA-I kumachepetsadi zotupa za m'mitsempha. Palibe wanzeru amene anganene kuti HDL ilibe ntchito m'thupi. Koma ganizoli nalo linapatsidwa mpata wodzionetsa. Kampani ya CSL inatenga apoA-I m'magazi a anthu n'kupanga mankhwala a m'diripi otchedwa CSL112, amene amawonjezeradi mphamvu yokokayo, ndipo anaperekedwa mochita maere kwa odwala oposa 18,000 amene mtsempha wa mtima unali utangowatsekeka. Zotsatira zinatuluka mu 2024: m'masiku 90, imfa, sitiroko ndi kutsekekanso kwa mtsempha sizinachepe mokwanira kuti munthu anene kuti mankhwala agwira ntchito. Mwina tsiku lina njira ina idzatheka. Pakali pano, mayeso a mphamvu ya HDL ndi a ofufuza okha, ndipo palibe chithandizo chomangidwa pa iwo chimene dokotala angalembere wodwala.

Ena angafunse kuti, ngati nambalayi imalosera bwino amene adzadwale, kaya imayambitsa kaya ayi zili ndi ntchito yanji? Pa kulosera ali ndi zoona, ndipo n'chifukwa chake HDL idakali m'masamu amene madokotala amawerengera ngozi ya zaka khumi. Mwamuna amene HDL yake ili pansi pa 1.0 mmol/L, kapena mayi amene ili pansi pa 1.3, ayenera kuyezedwa shuga, BP ndi chiuno, ndi kufunsidwa za fodya. Komabe ngakhale kuloserako sikugwira ntchito mofanana pa anthu onse. Anthu a ku Framingham pafupifupi onse anali azungu. Mu 2022, kafukufuku wa REGARDS, amene anatsatira anthu pafupifupi 24,000 ku America kwa zaka ngati khumi, anapeza kuti HDL yotsika inalosera matenda a mtima mwa azungu koma osati mwa anthu akuda, ndipo HDL yokwera sinateteze gulu lililonse. Anthu akuda a ku America si Amalawi, ndipo sitingangokopera zotsatira zawo. Koma chenjezo lilipo, makamaka chifukwa ofufuza atasonkhanitsa kafukufuku wa mu Africa mu 2018, anapeza kuti HDL yotsika ndiyo imapezeka kwambiri mwa mavuto onse a mafuta a m'magazi, mwa munthu wamkulu woposa mmodzi mwa atatu alionse. Kuno kuli zinthu zotsitsa HDL zimene ku Framingham m'ma 1970 kunalibe. Matenda ogwira thupi nthawi yaitali amaitsitsa, HIV yosalandira chithandizo imaitsitsa kwambiri, pamene ma ARV ena monga nevirapine ndi efavirenz amaikweza. Nambala yomweyo ingatanthauze china mwa mlimi wowonda wa ku Karonga, chinanso mwa bwana wa mimba wa ku Area 47.

Chikhulupiriro cholakwikachi chikanakhala chopanda vuto chikanangokhala m'mabuku, koma chimalowa m'mabotolo ndi m'miphika. Mowa umakwezadi HDL, ndipo kwa zaka zambiri mfundo imeneyi yakhala chothawirapo cha onena kuti kapu imodzi patsiku ndi mankhwala a mtima. Mowa womwewo umakweza BP ndi triglycerides, umawononga chiwindi, umasokoneza kagundidwe ka mtima, ndipo umayambitsa khansa zingapo. Womwa kachasu akhoza kukhala ndi HDL yosiririka. Mafuta a kokonati, amene amalengezedwa kwambiri pa intaneti, amakwezanso HDL, koma amakweza LDL limodzi nayo, monga amachitira batala ndi mafuta a nyama, ndipo mwa ziwirizo imene tili ndi umboni woti imachita kanthu ndi LDL. Choopsa kuposa zonse ndi masamu ogawa kolesterolo yense ndi HDL. Munthu wa LDL yokwera zedi akhoza kupeza yankho looneka labwino chifukwa choti HDL yake ndi yaikulu, n'kukana mankhwala amene akanamuthandiza.

Kusiyana kwa umboni wa HDL ndi wa LDL n'koonekeratu. Mu 1913 Nikolai Anichkov ku St Petersburg anadyetsa akalulu kolesterolo n'kuona mitsempha yawo ikudzaza mafuta. Mu 1994, kafukufuku wa 4S ku Scandinavia, wa odwala 4,444, anaonetsa kuti mankhwala otsitsa LDL a simvastatin amachepetsa imfa ndi 30 peresenti. Pofika 2010, zotsatira za anthu 170,000 zitaphatikizidwa, zinaoneka kuti LDL ikatsika ndi 1 mmol/L, matenda aakulu a mtima ndi mitsempha amachepa ndi 22 peresenti. Chibadwa chimanena zomwezo. Mu 2006, Helen Hobbs ndi Jonathan Cohen a ku Dallas anapeza kuti anthu akuda a ku America obadwa ndi jini ya PCSK9 yosagwira ntchito anali ndi LDL yotsika ndi 28 peresenti, ndipo matenda a mtima anali ochepa ndi 88 peresenti. Kusintha kumodzi kotere m'jiniyi kunadzapezekanso mwa amayi a ku Zimbabwe. Ndipo mu 2023, kafukufuku wa REPRIEVE, wa anthu 7,769 okhala ndi HIV m'mayiko 12 kuphatikizapo Botswana, South Africa, Uganda ndi Zimbabwe, anapeza kuti pitavastatin amachepetsa matenda aakulu a mtima ndi sitiroko ndi 35 peresenti. Kwa dziko limene anthu ambirimbiri akukalamba ali pa ma ARV, nkhani yoyenera kukambidwa m'zipatala ndi imeneyi.

Izi sizikutanthauza kuti malangizo akale okwezera HDL atayidwe. Kuyenda ndawala, kupalasa njinga, kusiya fodya, kuchepetsa mimba, kudya mgaiwa, nyemba, ndiwo zamasamba zotendera ndi usipa m'malo mwa mandasi, chiwaya ndi zakumwa za shuga, zonsezi n'zothandiza, ndipo zina zimakwezako HDL pang'ono. Koma phindu lake silidikira nambalayo. Wosiya fodya amapindula ngakhale HDL yake itapanda kusuntha, ndipo amene wayenda miyezi itatu n'kupeza nambala ili pomwe inali asaganize kuti wangovutika pachabe. Tinenenso zoona: Amalawi ambiri sadzaliona n'komwe pepala la HDL, chifukwa mayesowa sapezeka wamba m'zipatala zazing'ono za kumudzi. Sakutaya zambiri poyerekeza ndi zimene amataya posayezetsa BP. Kafukufuku wa STEPS wa mu 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu a zaka 25 mpaka 64 m'Malawi anali ndi BP yokwera, ndipo ochuluka mwa iwo sankadziwa. Makina oyezera BP ndi otsika mtengo ndipo yankho limatuluka pomwepo.

Amene pepalalo ali nalo m'manja achite masamu ophweka: atenge kolesterolo yense, achotsepo HDL. Chotsalacho ndi kolesterolo wa m'timibulu tonse totha kulowa m'khoma la mtsempha, ndipo ndicho choyenera kukambirana ndi dokotala, pamodzi ndi msinkhu, BP, shuga ndi fodya. Pali gulu limodzi limene siliyenera kuzengereza. Pafupifupi munthu mmodzi mwa 250 alionse amabadwa ndi chiwindi chosachotsa bwino LDL m'magazi, vuto limene Michael Brown ndi Joseph Goldstein anafotokoza gwero lake n'kulandira mphoto ya Nobel mu 1985, ndipo mwa Maburu a ku South Africa limapezeka kwambiri kuposa apo. Anthu oterewa akhoza kukhala owonda, olimbitsa thupi, osasuta, a HDL yabwinobwino, koma mtsempha n'kuwatsekeka ali ndi zaka za m'ma 40. Ngati LDL yafika 4.9 mmol/L kapena kupitirira, makamaka ngati m'banjamo muli kholo kapena mbale amene anadwala mtima kapena kufa mwadzidzidzi adakali wamng'ono, munthuyo amafunika mankhwala a statin, monga simvastatin, mosayang'ana HDL, ndipo azibale ake a bere limodzi ndi ana ake ayezedwe, chifukwa mwa ana obadwa kwa kholo lotere, pafupifupi theka amatengera vutolo.